Mphutsi zimathandiza bwanji kudziwa tsiku limene munthu anafera m'nyumba?

Mwafunsa za mtembo wopezeka utayamba kuwola m'chipinda. Akatswiri amayenda motere.

Poyamba amayeza kutentha kwa chipindacho ndi kwa mulu wa mphutsi, chifukwa mphutsi zikaunjikana zimatenthetsana ndipo zimakula msanga. Amaonanso ngati mawindo anali otseka.

Kenako amatola mphutsi zikuluzikulu m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi m'mabala. Osaiwala kusuzumira pansi pa kapeti ndi m'mbali mwa khoma: mphutsi zikakhuta zimachoka pamtembo kukasanduka zikwa, ndipo zikwazo ndi zimene zimakhala zakale kwambiri.

Mphutsi zina amaziviika m'madzi otentha madigiri 80 Celsius kwa masekondi 30, n'kuzisunga mu ethanol (mowa wamphamvu wosungiramo zinthu kuti zisawole). Kuziponya mu ethanol zili zamoyo n'kulakwitsa, zimafota ndipo utali wake umanamiza. Zotsalazo amaziweta mpaka zisanduke ntchentche kuti adziwe mtundu wake.

Akadziwa mtundu, utali ndi kutentha, amawerengera msinkhu wa mphutsizo. Chiwerengerocho chimangonena masiku ochepetsetsa amene adutsa munthuyo chimwalirireni, chifukwa m'nyumba yotseka ntchentche zimatha kuchedwa tsiku limodzi kapena angapo zisanapeze polowera n'kuikira mazira.