Koyilo yopsereza thonje pa RDA

RDA ndi kamutu ka ndudu yamagetsi (vape) kamene munthu amaikamo yekha koyilo, waya wopota womwe umatentha, ndi thonje lomwa madzi a vape. Koyilo imene inandivutitsa ndinaipota ndekha ndi waya wa Kanthal A1 wa 26 gauge (nambala ya kunenepa kwa waya), kuzunguliza kasanu n'kawiri pa kachitsulo ka mamilimita 3. Inkayenera kuonetsa pafupifupi 0.9 ohm (muyezo wa mmene waya ukukanira magetsi) pa makina a vape, koma nambalayo sinkakhazikika: pano 0.9, pano 1.4. Ndikakoka, kukhosi kunkangomveka nsanza yopsa.

Kudumphadumpha kwa nambalako kunkachokera pa sikuluu yomwe sinagwire bwino mwendo wa koyilo. Waya ukatentha koyamba umakhwefuka, ndiye pamafunika kumanganso. Nditamanga, nambala inaima nji.

Kupsako ndiye kunandidyera nthawi. Ndinachotsa thonje n'kuyatsa koyilo pang'onopang'ono pa mawati 15, ndipo ndinaona kuti mbali imodzi ikufiira msanga kuposa kwina. Ndinasiya batani, n'kuipana ndi kopanira ka ceramic. Kopanira kachitsulo n'koopsa, kamachititsa shoti moto ukamayaka. Kenako ndinaikanda mopepuka mpaka inayamba kufiira kuchokera pakati kupita m'mbali.

Thonje latsopano ndinaliika loti polikoka lizikanirira pang'ono chabe. Likathina kwambiri silimwa madzi a vape mokwanira, n'chifukwa chake limapsa. Ndinalinyowetsa bwinobwino n'kudikira kaye ndisanakoke, ndipo fungo lija silinabwerenso.