Momwe mungakonzere tsiku lomaliza pochoka kwa mnzanu amene anakusungani mumzinda

Alendo ambiri tsiku lomaliza amaliona ngati mpata wothamangira malo onse amene sanafikeko. Amadzuka m'mamawa, kuzungulira mzinda wonse, kubwerera thukuta lili kamukamu, kuponya zovala m'chikwama n'kuthamangira basi kapena ndege. Ntchito imatsalira mwininyumba: zofunda zili mbwee, thaulo lonyowa lili pampando, chaja yaiwalika ndipo iyeyo ndiye aitumize, kiyi wa nyumba wapita m'thumba la mlendo. Kwa ine, tsiku limeneli eni ake ndi awiri, ulendo wobwerera ndi munthu amene anakupatsani pogona. Mzinda ungolandira nthawi yotsala. Nayi ndondomeko yake.

1. Yambani dzulo lake, muwerengere nthawi chobwerera m'mbuyo

Madzulo oti mawa mukunyamuka, tsegulani tikiti muiwerenge ndi maso anu, osadalira zimene mukukumbukira. Onani tsiku, ola ndi malo okwerera. Matikiti a ndege ambiri amalemba nthawi ya maola 24, choncho 07:15 ndi m'mawa pomwe 19:15 ndi madzulo. Msampha weniweni uli pa maulendo a pakati pa usiku. Ngati palembedwa 00:40 Lachisanu, muyenera kukhala pabwalo la ndege Lachinayi usiku. Wofika Lachisanu madzulo adzapeza ndege itapita kalekale.

Malo nawonso amasokoneza. Mizinda ikuluikulu imakhala ndi mabwalo a ndege angapo. London ili ndi Heathrow, Gatwick, Stansted ndi Luton, Paris ili ndi Charles de Gaulle ndi Orly, ndipo mukalakwitsa bwalo mutha kutaya ola lathunthu kapena kuposa pamsewu. Mabasi ndi masitima ndi chimodzimodzi: pamene munatsikira pobwera si nthawi zonse pamene mudzakwerere pobwerera.

Kenako werengani chobwerera. Makampani ambiri a ndege amalangiza kufika kutatsala maola 3 pa ulendo wopita dziko lina ndi maola 2 pa ulendo wa m'dziko momwemo, ndipo kulandira katundu amatseka nthawi yonyamuka isanakwane, kawirikawiri kutatsala pafupifupi ola limodzi pa maulendo akunja. Tiyerekeze kuti ndege ndi ya 16:00. Pabwalo mufike 13:00. Ngati mapu a pafoni akunena kuti msewu ndi wa mphindi 50, funsani mnzanuyo, chifukwa iye ndi amene akudziwa nthawi imene magalimoto amathithikana. Mukaonjezera theka la ola lodzitetezera, mupeza kuti pakhomo muyenera kuchoka cha m'ma 11:40. Mwaonatu, tsiku lija mumati ndi lathunthu latsala m'mawa wokha.

Ngati kampani yanu imalola kuchita check-in (kulembetsa kuti mukwera ndegeyo) pa intaneti, zomwe zambiri zimatsegula kutatsala maola 24 ndipo zina 48, chitiranitu muli pa WiFi ya panyumbapo. Tikiti ndi boarding pass (chiphaso chokwerera ndege) muzisunge mufoni momwemo kuti zitseguke ngakhale popanda intaneti.

2. Muuzeni mnzanu ndondomekoyo, osangoganiza kuti akudziwa

Apa ndi pamene maubwenzi ambiri amakhumudwitsirana mwakachetechete. Mlendo amangoganiza kuti aperekezedwa pagalimoto, mwininyumba ali ndi msonkhano kuntchito koma akuchita manyazi kukana. Mufunseni mosapita m'mbali kuti, "Mawa ndondomeko yako ili bwanji? Ine ndikufuna kuchoka pano isanakwane 12. Ngati watanganidwa ndikwera takisi, usadandaule." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa amamumasula kuti ayankhe zoona. Akadzipereka yekha kukuperekezani, landirani, koma nenani kuti mafuta ndi ndalama yoimika galimoto pabwalo mulipira ndinu.

Ngati iye achoka m'mawa inu n'kutsala nokha, gwirizanani za kiyi. Kodi chitseko chimadzikhoma chokha mukachikoka? Ngati ayi, kiyi mumusiya kwa ndani? Musamubise pamalo amene mwangoganiza nokha. Funsaninso funso limene anthu amaliiwala: ulendo ukalephereka, kodi mungabwerere kudzagona? Ndege zimachedwa, mabasi amafa, ndipo n'kosavuta kugogoda usiku pakhomo pamene munakambirana kale.

3. Longedzani usiku, musiye kunja zovala za mawa zokha

Zovala zakuda zikhale m'jumbo yakeyake. Chilichonse chimene mukufuna kuchapa chapani dzana lake, chifukwa chovala chonyowa m'sutikesi chimanunkhitsa zonse. Pa ndege, makampani ambiri amalola chikwama chachikulu cha makilogalamu 23 ndi chapamanja cha makilogalamu 7 kapena 8, koma onani zimene tikiti yanu ikunena, poti matikiti ena otsika mtengo salola chikwama chachikulu n'komwe. Ngati m'nyumbamo muli sikelo yodziyezera thupi, kwerani nokha, kenako kwerani mutanyamula chikwama, kusiyana kwake ndiko kulemera kwa katundu. Kuli bwino kuchotsa nsapato ziwiri muli m'chipinda kusiyana ndi kutsegula sutikesi pamaso pa mzere wa anthu.

M'mabwalo a ndege ambiri, zamadzimadzi monga mafuta odzola ndi pafyumu zololedwa m'chikwama chapamanja ndi za m'botolo losaposa mamililita 100. Zazikulu zilowe m'sutikesi, mutazikulunga m'pulasitiki. Power bank (batire lonyamula lotchajira foni) ndi mabatire apadera ndi zosiyana: zimenezi siziloledwa m'sutikesi yopita pansi pa ndege, muzinyamule pamanja. Pasipoti, mankhwala amene mumamwa tsiku lililonse, ndalama ndi kiyi wa kwanu zikhale m'kachikwama kamene sikachoka pathupi panu.

4. Sakani nyumba yonse, mubweze zonse za eni

Mukadzuka n'kusamba, yendani chipinda ndi chipinda. Zinthu zimaiwalika malo omwewo nthawi zonse: chaja pasoketi ya kuseri kwa bedi, mswachi kubafa, malaya pachingwe choyanikira, jekete kuseri kwa chitseko, sokosi imodzi pansi pa bedi, mankhwala m'firiji. Gwadani ndithu muyang'ane pansi pa bedi ndi tochi ya foni, ndipo kutumulani zofunda, poti mahedifoni ndi ndolo zimakonda kubisala m'menemo.

Zimene munabwereka ziikeni pamalo amodzi oonekera, monga patebulo: kiyi, ambulera, adaputala, khadi yokwerera basi kapena sitima, buku. Ngati munagwiritsa ntchito kompyuta kapena TV ya mnzanu, tulukani mu imelo, Facebook ndi akaunti ina iliyonse imene munalowa. Amene munaika simu khadi ya m'dzikomo, onani kuti ya kwanu ili pafupi, pamodzi ndi kapini kotsegulira foni.

5. Chipinda, bafa ndi ngongole

Pa zofunda funsani kaye. Ena amafuna muchotse mashiti ndi zovundikira mapilo muziike mochapira, ena amafuna muzisiye kuti achite okha. Chosayenera ndicho kuyala bedi mwaudongo pa mashiti ogonedwa, chifukwa mwininyumba atha kuiwala n'kugonekapo mlendo wina. Thaulo lonyowa liyanikeni, musalipinde. Tayani zinyalala za m'chipinda, chotsani tsitsi potulukira madzi kubafa, tsukani kapu imene yakhala pambali pa bedi. Zonsezi sizitenga nthawi, koma mwininyumba akatsegula chitseko madzulo, n'zimene amayamba kuona.

Za ndalama musazisiye m'malere. Ngati mnzanu anakulipirirani tikiti, chakudya kapena takisi n'kunena kuti "tidzaona", lero ndi tsiku loonalo. Werengani nokha, mum'patse kapena mum'tumizire musanachoke. Munthu waulemu sangakukumbutseni, koma saiwala. Zimene munamaliza m'nyumba, kaya ndi sopo, shuga kapena mapepala a kuchimbudzi, gulani mubwezeretse. Ndipo zimene zakanika kulowa m'chikwama musangozisiya pakona ngati mphatso. Funsani ngati akuzifuna, akakana muzitaye kapena kuzipereka nokha.

6. Mumzinda sankhani chinthu chimodzi, chapafupi

Zonsezi zikatha ndipo nthawi ikadalipo, tulukani. Koma sankhani chinthu chimodzi chokha, chomwe mungapiteko wapansi kapena pa basi imodzi, chopanda mzere wodikira. Malo akutali amene munawaphonya asiyeni, ndicho chifukwa chodzabwereranso. Ine ndimakonda kuti mlendo abwerere pamalo pamene panamusangalatsa kale, chifukwa njira akuidziwa ndipo sangasochere. Ngati mnzanu ali ndi mpata, mutengeni mukadye limodzi, inu mulipire, ndipo nenani zimenezo musanakhale pansi kuti pasakhale kulimbirana bilu.

Ngati muli kudziko lina, ino ndi nthawi yothera ndalama zachitsulo, poti malo ambiri osinthira ndalama amalandira zamapepala zokha. Sungani zokwanira ulendo wa kubwalo ndi pang'ono zapadera. Ikani alamu pafoni ya nthawi yobwerera kunyumba kwa mnzanuyo, osati ya nthawi yonyamuka.

7. Kutsanzika

Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma amene anapirira nanu si mnzanu yekha. Pali mkazi kapena mwamuna wake, ana amene mwina anakusiyirani chipinda chawo, wokhala naye nyumba amene ankadikira kuti mutuluke kubafa. Aliyense mum'tsanzike payekha, ndipo amene achoke m'mamawa muwatsanzike usiku. Pothokoza tchulani chinthu chenicheni. "Zikomo pa zonse" amanena aliyense, koma "zikomo kuti unadzuka usiku uja kudzanditenga" munthu amakusungira mumtima. Mphatso isakhale yodula kapena yaikulu. Chinthu chimene mwaona kuti amachikonda, kapena chimene chikusowa m'nyumba, chimaposa chokongoletsa chogulidwa mothamanga. Ngati mukuchoka eni kulibe, siyani kakalata kolemba pamanja pambali pa kiyi, zimitsani magetsi, tsekani mawindo ndi mipopi, ndipo mukakhoma tumizani uthenga wonena pamene mwasiya kiyi.

Pakhomo, musanakoke chitseko, gwirani ndi dzanja zinthu zinayi: pasipoti kapena chiphaso, foni, chikwama cha ndalama, tikiti. Pisaninso m'matumba onse kuona ngati mulibe kiyi wa eni.

Mukafika kwanu, uthenga woyamba upite kwa mnzanuyo kuti mwafika bwino, ngakhale utakhala usiku, chifukwa ambiri sagona mpaka atamva. Mukapeza kuti mwanyamula chinthu chake, kapena mwasiya chanu, nenani tsiku lomwelo, ndipo ndalama yotumizira ikhale yanu.