Kusankha munthu wokulemberani fomu ya msonkho ya MRA

Musanapereke mabuku a bizinesi yanu kwa munthu aliyense, mufunseni ngati ndi membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi muno, kenako mukatsimikize nokha kubungweko. Satifiketi yopachika pakhoma siyokwanira.

Mtengo wa ntchito mugwirizane poyamba, ndipo ulembedwe. Akakulonjezani kuti msonkho uchepa asanaone n'komwe malisiti ndi masitetimenti a kubanki, ameneyo muthaweni. Anthu otere amabisa zina mwa zomwe munagulitsa kapena kupeka zogula zomwe simunagule, ndipo MRA ikadzafufuza, chindapusa chimagwera mwini TPIN (nambala ya wokhoma msonkho ku MRA), ndiye inuyo.

Werengani fomu yonse asanaitumize pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti yotumizira mafomu ku MRA. Ndalama ya msonkho musam'patse m'manja. Kalipireni nokha kubanki, musunge lisiti pamodzi ndi kope la fomuyo.