Wopanga nyimbo za mufilimu zanu mwakhala naye zaka, mumusiye kapena mupitirize naye?

Nkhani iyi imavuta kwambiri munthu ukafika pa filimu yachitatu kapena yachinayi. Munayamba ndi mnyamata wina wa situdiyo pa boma pompa pa Mangochi, anakupangirani nyimbo zoyamba pa kandalama ka sopo chabe, ndiye lero anthu ayamba kunena kuti mafilimu anu onse amalira mofanana, munthu akamwalira kiyibodi yomweyo, awiri akakondana kagitala komweko. Mtima ukufuna kusintha koma mukakumana naye pa depoti mumasowa poyambira.

Musanamuweruze iyeyo yambani mwadzifunsa nokha kuti kodi mumamuuza chani mukamamupatsa ntchito. Madayilekitala ambiri timangotumiza filimu yodulidwa kale pa WhatsApp nkunena kuti "amwene apa ikani zachisoni, apa zoopsa, ikufunika Lachisanu" basi. Munthu wapatsidwa masiku anayi, magetsi akuthimathima, ndalama ya woimba ng'oma palibe, atani? Atsegula FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, atenga zomwe anapanga chaka chatha, asintha pang'ono nkutumiza. Ndiye palinso kanyimbo kongogwirizira komwe edita amaika podula filimu, inu mwakamvera kwa miyezi iwiri mpaka kakulowani m'magazi, kenako mukuuza mnzanuyo kuti "pangani ngati kameneka". Apo mwamumanga manja nokha. Ngati ndi mmene mumagwirira ntchito, ngakhale mutaitanitsa katswiri wa ku Lilongwe zituluka zomwezo, kungoti mulipira zambiri.

Ndiye chochita ndi ichi, muyeseni pa sini imodzi yokha, kachigawo kamodzi ka filimu, ndipo mumulipire pa sini imeneyo kuti pasakhale zonena. Musasankhe ya maliro, imeneyo aliyense amatha. Sankhani yovuta, yomwe anthu sakuyankhula zambiri. Tinene kuti msodzi akunyamuka pa doko ku Makawa madzulo, nyali zayatsidwa pa bwato, mwera wayamba kale kuwomba, mkazi wake waima pamchenga akudziwa kuti mwamunayo ali ndi ngongole ya mwini khoka la chilimira ndipo sangakane kupita. Mupatseni sikiripiti yonse awerenge, osati sini yokhayo. Ngati nkotheka mukwereni naye kabaza kapena minibasi mukafike pa malopo amve yekha mmene madzi akumenyera bwato. Dayilekitala Sergio Leone ndi wopanga nyimbo wake Ennio Morricone ankafika pena poti nyimbo zimalembedwa filimu isanajambulidwe nkumaziyimba pa malo ojambulira kuti ochita sewero aziyenda motsatira nyimboyo, anatero pa Once Upon a Time in the West ya 1968. Ife bajeti imeneyo tilibe, koma kumuitana munthu msanga sikudya ndalama.

Pomuuza zomwe mukufuna musatchule chida, muuzeni zomwe mkaziyo akumva mumtima. Ndipo mumuletse chinthu chimodzi chomwe amachikonda kwambiri, ngati ndi kiyibodi ija nenani kuti ulendo uno ayi. Apa ndi pomwe mudziwe munthu. Wina amakwiya tsiku limodzi kenako nkubwera ndi zinthu zomwe simunaganizeko, mwina mawu a mayi mmodzi akung'ung'udza ndi kang'oma kamodzi chapansipansi. Wina amabweretsa kiyibodi yomwe ija atangoisintha kamvekedwe, akuganiza kuti simuzindikira.

Zikabwera musamvere pa masipika a mu situdiyo okha. Anthu athu ambiri aonera filimuyi pa foni yoikidwa memori kadi, kapena mu vidiyo sho momwe sipika imodzi inang'ambika kalekale. Ikani pa foni, mukhale pakhonde pomwe njinga zamoto zikudutsa, muone ngati mawu a anthu akumveka kapena nyimbo yawameza. Besi yambiri pa foni imasowa ndithu, ndiye ngati mphamvu yonse ya nyimboyo ili pa besi, ku Namwera akangomva phokoso la mphepo.

Tsopano chomwe anthu amachipeputsa posiya munthu wakale ndi kudziwa malo. Kuno kuli magule monga sikiri, manganje ndi beni, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Mlendo angamve ng'oma za manganje nkuzikonda nkuziika pa sini ya maliro, osadziwa kuti ndi gule wachisangalalo wa nthawi ya zinamwali, anthu mu holo ayamba kuseka pomwe inu mumafuna alire. Sikiri nayo ndi ya chipembedzo cha Chisilamu, simungangoiponya pa sini ya mowa ku Cape Maclear osayembekezera mafunso kuchokera kwa akuluakulu. Mnzanu wakale uja izi amazidziwa osafunsa, amadziwanso kuti pojambula mawu pafupi ndi mzikiti muyenera kudikira azana, kuitanira anthu ku mapemphero kuja, ithe. Ndipo musaganize kuti nyimbo zochokera kwathu kuno nzochepa, The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, filimu ya 2012 yokamba za asodzi a pa nyanja yathuyi, inapata mphoto ya nyimbo za mufilimu ku Africa Movie Academy Awards mu 2013.

Chizindikiro china choti musamutaye, ngati amatha kukuuzani kuti "apa bwana pasakhale nyimbo, pangokhala zii". Munthu wotero akuganizira filimu, osati kuonetsa luso lake. Oterowo ndi osowa.

Koma zilipo zoti mukaziona musazengereze. Ngati amatola mabiti pa intaneti nkumati ndi ake, tsiku lina muika filimu pa YouTube eni ake nkuigwira, ndalama zonse zizipita kwa iwo kapena itsekedwe kumene. Ngati nthawi zonse amachedwetsa mpaka tsiku loonetsa filimu lasuntha kawiri. Ngati mukamudzudzula amayankha kuti "ndinakuthandizani muli wosadziwika". Zoona anathandiza, koma ngongole ya chiyamiko siilipidwa ndi filimu yoipa.

Komanso kusintha sikutanthauza kuti ukwati watha. Dayilekitala Steven Spielberg wagwira ndi wopanga nyimbo John Williams kuyambira 1974, koma mu 2015 Williams atadwala, nyimbo za filimu ya Bridge of Spies anazipanga Thomas Newman, ndipo pambuyo pake Spielberg ndi Williams anapitiriza bwinobwino. Dayilekitala Christopher Nolan anazolowerana ndi wopanga nyimbo Hans Zimmer, koma pa Tenet ya 2020 Zimmer anasankha kukapanga Dune, Nolan nkutenga Ludwig Göransson, yemwe kenako anapata mphoto ya Oscar mu 2024 chifukwa cha Oppenheimer. Yomwe inaipa ndi ya dayilekitala Alfred Hitchcock ndi wopanga nyimbo Bernard Herrmann mu 1966, akampani ankafuna nyimbo zokopa achinyamata pa Torn Curtain, Herrmann anapanga zake zomwe ankazikhulupirira, Hitchcock anamuchotsa ntchito ili mkati ndipo sanagwirenso limodzi mpaka imfa. Ine ndimaona kuti vuto pamenepo linali kusagwirizana poyamba penipeni pa zomwe zikufunika. Inu mutha kunena kuti filimu iyi yokha ndiyesa wina, kapena kugawa ntchito, wakale apange nyimbo za pansi pa sini, watsopano apange nyimbo ziwiri zoimba ndi mawu zoti zikamveke pa wailesi.

Mukatsimikiza zomusiya pitani nokha mukamuuze maso ndi maso, asamve kwa ochita sewero kapena kuona pa Facebook. Mangochi ndi yaying'ono, mudzakumana pa maliro kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi. Ngati muli ndi ngongole yake yambani mwalipira, tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni, musanatchule nkomwe za kusintha. Kenako pemphani mafayilo, osati nyimbo yosakanizidwa kale yokha ayi, koma chida chilichonse pachokha, ng'oma payokha, gitala payokha, mawu paokha, muike pa fulashi ziwiri chifukwa laputopu yake ikadzafa kapena mukadzayambana simudzazionanso.

Ndipo lembani kapepala, ngakhale ka tsamba limodzi, kosainidwa nonse awiri ndi mboni. Lamulo la kukopera la 2016 limateteza wopeka, ndipo ngati analembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zopeka zina, nyimbozo zili ndi mwini wake wodziwika. Izi zimapweteka kwambiri kwa opanga masewero a zigawozigawo, kanyimbo koyambira kaja anthu anakazolowera, ana amakaimba m'misewu, ndiye gawo lachisanu mukufuna kukagwiritsabe ntchito mwini wake mutamusiya. Gwirizanani lero kuti kazipitirira pa mtengo wanji ndipo dzina lake lizilembedwa pati kumapeto kwa filimu. Watsopanoyo nayenso asaine kake asanagwire kiyibodi.