Ma award oti mulembe pofunsira malo ku koleji

Amene mukufunsira malo ku makoleji a ku America kudzera pa Common App (fomu ya pa intaneti yomwe makoleji ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito), gawo la honors, lomwe mumalembamo ma award anu, limalola zinthu 5 zokha, chilichonse zilembo 100 basi, ndiye musamangothira zonse zomwe munalandirapo chibadwire. Amafuna za giredi 9 mpaka 12 (zaka zinayi zomaliza za sekondale), satifiketi ya ku pulayimale ija ikhale mufayilo momwemo.

Yambani ndi yaikulu, ya mayiko ambiri kapena ya dziko lonse, kenako ya chigawo, ya pasukulu ibwere kumapeto. Koma ine ndimaona kuti nkhani yagona pa kafotokozedwe, wowerenga fomu yanu ku kolejiko mphotho ya pasukulu panu saidziwa, mukangolemba dzina lake mwachidule palibe chomwe watolapo. Nenani kuti unali mpikisano wa chani, munali nambala 2 pa anthu angati. Zija amapatsa aliyense amene wabwera, kapena zoti uyambe walipira ndalama kuti dzina lako lituluke, zisiyeni, anthu aja amazidziwa bwino. Mendulo ya mpira kaiikeni ku gawo la activities (la zochita za kunja kwa kalasi), kuno amafuna za maphunziro. Ngati muli nazo ziwiri zokha lembani ziwirizo, osakakamiza kuti zikwane 5.