Tsiku lojambula lili ndi maola angati? Mmene ndimawerengera ovataimu yanga

Usiku umene ndinayamba kulemba maola anga ndinali nditaima pamsewu ku Chigumula, 11 koloko itadutsa, chikwama cha maikolofoni chili kumsana, ndodo yaitali yopachikapo maikolofoni ili m'manja, minibasi zitaleka kalekale kuyenda. Tinafika pamalo ojambulira 5 koloko m'mawa chifukwa dayirekita ankafuna kujambula dzuwa likutuluka. Tinadya kamodzi, cha m'ma 3 koloko masana, chipisi chozizira cha m'jumbo. Wa kabaza amene ndinamupeza anatchula mtengo wa usiku kuti akanditule ku Zingwangwa, ndipo ndalamayo inatuluka m'thumba mwanga. Patatha milungu itatu malipiro analowa pa foni, a tsiku limodzi, ndendende monga tinapanganira. Palibe amene anandibera. Ndinavomera ndekha mtengo wa "tsiku" osafunsa kuti tsikulo lili ndi maola angati, ndipo langalo linali ndi 18.

Ntchito yanga ndi yotapa mawu. Ndagwirapo m'masewero a pa TV, m'zotsatsa malonda, m'mavidiyo a makwaya ndi m'mafilimu a mabungwe. Zimene ndikulembazi ndikulembera inu aphwanga amene mwangoyamba kunyamula zingwe ndi magetsi, komanso anzanga akale amene mpaka lero mukaitanidwa mumangofunsa kuti "zingati?" n'kudula foni.

Funso la "zingati" lisamayende lokha. Akakuimbirani, funsaninso kuti, "Bwana, ndalama imeneyi ndi ya maola angati, ndipo tikapitirira pamenepo ola lililonse ndi zingati?" Mukamvana, musadalire za pakamwa. Ine ndikangodula foni ndimalemba pa WhatsApp motere: "Zikomo bwana. Tamvana kuti Lachiwiri ndifika 6 koloko m'mawa, K40,000 ya maola 8, ola loonjezera K7,500, chakudya chamasana ndi galimoto yonditula kunyumba tikaweruka mdima utagwa. Ngati zili choncho ndiyankheni." Akayankha kuti "eya", ndimajambula uthengawo n'kuusunga. Ndalama ndatchulazi ndi chitsanzo chabe, inu muikepo mtengo wanu. Chofunika n'chakuti nambala ya maola ilembedwe ntchito isanayambe, chifukwa ovataimu imawerengedwa kuyambira pamene maola anu a masiku onse athera. Ngati simunatchule pothera, mudzayambira pati kuwerenga?

Ena amaganiza kuti ovataimu ndi chifundo cha bwana. Ayi, ili m'malamulo a dziko lino. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa mlungu. Amene amagwira masiku 6 pa mlungu, tsiku lake ndi maola 8. Amene amagwira masiku 5 kapena ochepera apo akhoza kufika maola 12 pa tsiku, koma malire a 48 aja amakhalapobe. Munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu. Ndipo ovataimu lamuloli linaigawa patatu: maola oonjezera pa tsiku wamba amalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka lake; tsiku limene munayenera kupuma amalipira kawiri; tsiku la tchuthi cha boma amalipiranso kawiri. Apa pa tchuthi ndi pamene ife timaluza kwambiri, chifukwa ntchito zathu zambiri zimagwa masiku omwewo: 15 January tsiku la Chilembwe, 3 March, 6 July, ndi 15 October pamene dziko lonse likusangalatsa amayi, ife tili kuseri kwa kamera. Ngakhale pa 1 May penipeni, tsiku la apantchito, ambiri a ife timakhala tikujambula anthu akuguba, malipiro ake a tsiku wamba.

Tiyeni tiwerenge limodzi. K40,000 ya maola 8 ikutanthauza K5,000 pa ola. Ola loonjezera ndi K7,500. Mwafika 6 koloko m'mawa, mwaweruka 9 koloko usiku, ndipo pakati munapumadi ola limodzi n'kudya mutakhala pansi. Maola ogwira ndi 14. Chotsanipo 8, atsala 6. Maola 6 pa K7,500 ndi K45,000. Ndiye kuti tsiku limenelo ndi la K85,000, ndipo amene wangolandira K40,000 wasiya ndalama yoposa imene watenga. Likanakhala Lamlungu lopuma kapena tchuthi, ola lililonse likanakhala K10,000 kuyambira m'mawa. Inu a pa siteshoni ya TV kapena ya wailesi amene mumalandira pa mwezi, ine ndimawerenga chonchi: masiku 26 a maola 8 ndi maola 208. Malipiro a K312,000 mukawagawa ndi 208 mupeza K1,500 pa ola. Nambala imeneyo muidziwe pamtima ngati nambala ya foni yanu.

Mudzamva ena akunena kuti, "Iwe si wantchito wanga, ndiwe waganyu, lamulo limenelo silikukukhudza." Musafulumire kugwa mphwayi. Lamulo lomwelo limazindikira kontirakiti ya nthawi yoikika ndi ya ntchito imodzi yokha, yolembedwa kapena ya pakamwa, ndipo limayang'ana mmene zinthu zililidi: ndani akukuuzani nthawi yofika, ndani akukulamulani zochita, kodi chakudya chanu chikudalira iyeyo? Komabe kukangana za zimenezi ntchito itatha n'kotopetsa, n'chifukwa chake ine ndimakonda kuti ovataimu ikhale m'pangano lathu lenileni, kuti pasakhale wonena kuti sanadziwe.

Tsopano kabuku. Kanga ndi kakang'ono ka ana asukulu, kamakhala m'thumba la kutsogolo la chikwama pamodzi ndi mabatire. Tsamba lililonse ndi tsiku: deti, malo, nthawi imene anandiuza kuti ndifike, nthawi imene ndinafikadi, nthawi yodya ndi yobwerera, nthawi imene dayirekita ananena kuti tatseka, ndi nthawi imene chingwe chomaliza chinalowa m'galimoto. Nthawi ziwiri zomalizazi n'zosiyana, ndipo apa ndi pamene a magetsi ndi othandizira kamera amaberedwa maso ali yang'anitu. Osewera akasamba kumaso n'kumapita, ife timatsala tikukulunga zingwe, kutsitsa magetsi adakali otentha, kuwerenga malenzi, kukopera zithunzi mu kompyuta. Ola lathunthu limatha pamenepo. Imeneyo ndi ntchito, ilembeni. Musananyamuke, pitani kwa woyang'anira ntchito kuti asaine tsambalo. Akakhala wotanganidwa, lembani m'gulu la WhatsApp kuti "tamaliza kupakira 9:40", anthu onse aone. Call sheet ya tsiku lililonse, ndandanda ija yosonyeza nthawi yofika ndi zojambula za tsikulo, muisungenso, musaifute.

Nanga nthawi yodikira? Magetsi azima, jenereta yakana kulira, wina wathamangira mafuta ku Ginnery Corner. Mvula ya mu January yagwa padenga la malata moti ine sindingatape mawu. Wosewera wamkulu wakodwa pa mzere wa magalimoto ku Limbe. Maola atatu apita tili khale pamthunzi, ndiye madzulo wina akuti, "Komatu masana aja simunagwire ntchito." Yankho langa limakhala limodzi: kodi ndikanatha kuchoka kukagwira kwina? Ngati sindikanatha, nthawiyo inali yanu, bwana. Ulendonso mumvane usanachitike. Kuchoka kunyumba kufika pokumana m'tauni ndi zanga. Koma tikakwera galimoto ya kampani kupita ku Mulanje, ku Zomba kapena kutsetsereka ku Chikwawa, ine ndimayamba kuwerenga pamene tanyamuka.

Anzathu a ku America amene ali m'bungwe la IATSE, yuniyoni ya ogwira ntchito kuseri kwa kamera ndi kwa siteji yomwe inayamba mu 1893, zonsezi anazilemba m'pangano lawo ndi makampani a mafilimu. Maola 8 akadutsa amalandira ola ndi theka, akadutsa 12 kawirikawiri amalandira kawiri, ndipo pangano la 2024 linaika katatu maola akapitirira 15. Chakudya chiyenera kubwera maola 6 asanadutse, chikachedwa kampani imalipira chindapusa kwa munthu aliyense pa theka la ola lililonse. Mu October 2021 mamembala oposa 98 pa 100 alionse amene anavota anavomereza sitalaka, ndipo pangano limene linatsatira linawapatsa maola 10 opuma pakati pa kuweruka ndi kuyambanso, komanso maola 54 kumapeto kwa mlungu wa masiku 5. Mitengo ya ku Hollywood si ya kuno, ndipo sindikunena kuti mukaiwerengere munthu wa ku Ndirande amene wagulitsa nkhuku zake kuti ajambule filimu yake yoyamba. Chimene ndinatolapo ine n'chakuti chindapusacho sanachiike kuti anthu alemere. Anachiika kuti kusunga anthu mpaka pakati pa usiku kukhale kodula, bwana aganize kawiri asananene kuti "titengenso kamodzi".

Nkhani ya maola 10 opumayi ndimaigwira ndi manja awiri. Mu 1997 ku Los Angeles wothandizira kamera wina anafa pangozi atasinza pa chiwongolero, akubwerera kwawo atagwira maola 19. Kuno ngozi yake ndi yomweyo, ndipo ili ndi inzake: kuyenda pansi usiku kukwera ku Chilobwe kapena ku Bangwe utanyamula zida za mamiliyoni zimene si zako. Choncho tikaweruka 10 koloko usiku, ine ndimanena pomwepo, anthu onse akumva, kuti mawa ndifika 8 koloko. Ngati akufuna 5 koloko, atitulutse msanga lero. Ndipo dalaivala muzimukumbukira. Iye amadzuka ife tisanadzuke kuti atitole, amagona atatula womaliza, koma m'magulu ambiri palibe amene amamuwerengera maola.

Ndikudziwa chimene chikukuopsani. Blantyre ndi wamng'ono, olemba ntchito ndi omwewo, ndipo ukatchuka kuti ndiwe wovuta foni imasiya kulira. Pakhomo pali mnyamata wina wokonzeka kugwira tsiku lonse pa mtengo wa fanta ndi bani, bola dzina lake lioneke pa TV. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ife tinayamba anthu 5 okha: wa kamera, womuthandizira, wa magetsi, mayi wodzola osewera ndi ine. Tinagwirizana kuti amene ayambe kuimbiridwa azitchula mfundo zomwezo, ndipo tsiku lojambula tizisankha mmodzi wotilankhulira. Maola akamayandikira kutha, iyeyo amapita pambali ndi woyang'anira ntchito, mwaulemu, osati pamaso pa kasitomala, n'kunena kuti, "Bwana, kwatsala theka la ola. Tipitirize pa ovataimu kapena titseke?" Funso limenelo limabwezera chisankho kwa mwini ndalama nthawi idakalipo. Mabwana abwino amalikonda, chifukwa bilu siwadzidzimutsa. Ndaonapo zithunzi zimene zikanatenga usiku wonse zikutha m'mphindi 40 funsoli litafunsidwa.

Inu olembedwa pa siteshoni kapena pa kampani muli ndi njira yoposa yathu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu woyambitsa kapena kulowa yuniyoni, ndipo lamulo la ubale wa pantchito la 1996, Labour Relations Act, limaletsa bwana kukuchotsani kapena kukuzunzani chifukwa cha zimenezo. Yuniyoni ikakhala ndi antchito 20 pa 100 alionse pamalopo, ikhoza kuitanira bwana pa tebulo kuti mukambirane pangano la onse. A Malawi Congress of Trade Unions, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko muno, ndi poyambira kufunsa. M'pangano loterolo ndi mmene mungalembe zimene lamulo silinatchule mwachindunji za ntchito yathu, monga maola opuma usiku, galimoto yotula anthu, ndi nthawi ya chakudya.

Pali ntchito zina zimene ndimagwira motsika mtengo ndi mtima wonse, monga kwaya ya kumpingo kwathu kapena filimu ya wophunzira. Ngakhale pamenepo ndimatchula nthawi yoweruka, ndipo ndimapempha theka la ndalama tisanayambe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Akakana kulipira, musayambe ndi kutukwana pa Facebook, mudzangowapatsa chonamizira. Lembani kalata yaifupi: masiku, maola, mtengo umene munamvana, ndalama yonse, ndi tsiku limene mukuyembekezera kulandira. Sungani kope. Tsikulo likadutsa, pitani ku leba, ofesi ya boma yoona za ntchito, musadikire miyezi. Iwo amaitana mbali zonse ziwiri kuti amve. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya ntchito, lomwe lili konkuno ku Blantyre. Popita munyamule kabuku kaja, mauthenga a pa WhatsApp mutawasindikiza papepala, ma call sheet, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza zimene munalandirapo kale. Ngati munali angapo, pitani limodzi, aliyense ndi kabuku kake.