Musabzale chifukwa foni yanena kuti kugwa mvula

Chaka chatha mayi wina wa ku Chonde, kuno ku Mulanje, anandipeza foni ili m'manja, nkhope ili yakugwa. "Alangizi, taonani, inalemba kuti mvula igwa sabata yonse." Anali atabzala chimanga chogula pa mvula ya mu Okutobala. Inagwa tsiku limodzi lokha, kenako dzuwa linaswa mtengo. Titafukula mapando tinapeza njere zitatupa, timizu titauma ngati ulusi. Chinali chizimalupsa chabe. Zinandiwawa, pakuti mbewu masiku ano yakwera mtengo.

Mapulogalamu ambiri a zanyengo a pafoni alibe munthu wawo kuno. Amatenga zimene makompyuta akunja awerengera dziko lonse lapansi, atalidula m'zigawo za makilomita pafupifupi 10 kapena kuposerapo mbali iliyonse. Phiri la Mulanje, lomwe pa nsonga yake ya Sapitwa limafika mamita 3,002, kompyutayo imaliona ngati chitunda chosalala. Koma ife tikudziwa kuti mphepo yachinyezi yochokera ku Mozambique imakhuthulira mvula cha ku Muloza pomwe kuseri, ku Phalombe, fumbi lili koboo. Komanso foni ikalemba 60% sikuti mvulayo ichuluka ayi, ikungonena mwayi woti ingagwe.

Ndiye chitani izi. Pezani chitini chosapindika m'mbali, chokula mofanana pansi ndi pakamwa. Chiikeni pamtetete, kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa uliwonse 8 koloko viikani rula, lembani m'kope, tayani madziwo. Mvula ikakwana mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu, tengani khasu mukakumbe pamzere. Chinyezi chilowe masentimita 15, pafupifupi kutalika kwa chikhatho, ndipo dothi mukalifumbata ligwirane. Pamenepo bzalani. Likamayoyoka, mbewu ikhale kaye m'nyumba, ngakhale anansi atayamba kale.

Za masiku akubwera mverani a Nthambi ya Zanyengo pawailesi. Iwo ali ndi malo oyezera kuno komwe, ku Mimosa ndi ku Bvumbwe, ndipo dzinja lisanayambe amatulutsa ulosi wa boma lililonse. Ife alangizi timakhala nawo, tifunseni.

Chimene ndimaopa n'chakuti munthu akanamizidwa ndi foni kawiri katatu amasiya kumvera chenjezo lililonse. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 analengezedwa asanafike. Inu a m'tsinde mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje wa Ruo, a Zanyengo akachenjeza za namondwe, samukirani kumtunda tsiku lomwelo.